Masiku asanu mvula isanayambe

Lolemba ndinafika pa holo ya tchalitchi yomwe tinabwereka cha ku Zingwangwa 7 koloko isanakwane, nditanyamula katoni ya mabandeji, zigubu ziwiri ndi tinsalu todulidwa ta mitundu inayi. Ndine namwino. Chaka chilichonse chizimalupsa chikangowaza fumbi, ndimachoka mu wodi kwa sabata imodzi kukathandiza kuphunzitsa za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ulendo uno ophunzira anali alangizi a zaumoyo, achinyamata odzipereka ndi a makomiti oona za ngozi ochokera ku Chilobwe, Manje, Ndirande ndi Bangwe.

M'mawa womwewo mtima unandiwawa. Pa mndandanda wa mayina, mipando ingapo inali ya anthu a mu ofesi ina, omwewo amene ndinawaona chaka chatha. Amasaina alawansi, ikafika nthawi ya nkhomaliro osaonekanso. Koma panja panali amayi atatu a ku Manje amene anabwera wapansi atangomva mphekesera za maphunziro, mayina awo mulibe. Ndinakambirana ndi mnzanga wotsogolera ndipo tinawalowetsa. Nsima tinagawana yomweyo.

Tinayamba ndi mbiri: napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991, amene anachititsa kuti dziko likhale ndi lamulo loona za ngozi chaka chomwecho, lamulo latsopano la 2023, ndi momwe uthenga uyenera kuyendera kuchokera ku komiti ya m'dera kupita ku khonsolo mpaka ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Anthu ankalemba mwakachetechete. Nditatchula namondwe wa Freddy zolembera zinaima. Bambo wina wachikulire wa ku Chilobwe anaimirira.

"Anesi, inu mumatilandira ku Gulupu titafika kale. Ife phiri la Soche litatsika tinayamba kukumba ndi manja kunja kusanache. Tiphunzitseni za maola amenewo."

Ankanena zoona. Mu Malichi 2023 ndinali m'gulu lolandira ovulala, ndipo ambiri anabwera pa zitseko, pa mawilibala ndi pa misana ya anansi awo. Usiku wa Lolemba lomwelo ine ndi mnzanga tinachepetsa zolemba pa bolodi n'kuonjezera zochita ndi manja.

Lachiwiri linali la madzi ndi zimbudzi. Freddy anapeza kolera ilipo kale, ija inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ndiye panalibe wofunika kumuuza kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Muyezo umene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira ndi malita 15 a madzi pa munthu patsiku, ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20. Ndinawapatsa samu: anthu 1,000 athawira pa sukulu ya pulayimale. Anawerengera okha n'kupeza zimbudzi 50 ndi zigubu 750 za malita 20 tsiku lililonse. Mlangizi wina anangogwira kukamwa, chifukwa zimbudzi za sukulu ya kwawo akuzidziwa kuchuluka kwake.

Pa klorini mpamene ndimachedwa dala. Ambiri amaganiza kuti klorini ndi mmodzi, bola anunkhe. Wosambira m'manja ndi wa 0.05 peresenti, wokolopera pansi ndi kuchapira zofunda ndi wa 0.2, wothira masanzi ndi chimbudzi cha wodwala kolera ndi wa 2. Ukasokoneza, mwina uwotcha manja a anthu, mwina usiya tizilombo tamoyo. Madzi akumwa akakhala a matope uyambe wawasefa, ndipo ukathira mankhwala udikire mphindi 30. Aliyense anasungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ine ndikuona, ndipo amene anayeza lita ndi maso ndinamubweza.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi Lachitatu. Tinasandutsa bwalo la tchalitchi kukhala malo a ngozi. Achinyamata ena anagona pansi atapakidwa utoto wofiira, aliyense ali ndi kapepala konena momwe wavulalira. Ntchito inali kusankha woyamba kuthandizidwa, pasanathe mphindi imodzi pa munthu. Amene angathe kuyenda amangidwa kansalu kobiriwira. Amene akupuma mothamanga kuposa ka 30 pa mphindi, kapena chikhadabo chake ukachifinya magazi sakubwerera msanga, kapena sakutha kuchita zomwe wamuuza, ameneyo kofiira, ndiye woyamba kuthandizidwa. Wovulala kwambiri koma wotha kudikira, kachikasu. Kakuda, ka amene wamwalira kapena sangapulumutsidwe, tinawauza kuti asiyire a zaumoyo.

Wezulo italira, gulu lonse linathamangira mnyamata wina amene ankakuwa atagwira mkono wothyoka. Anamuzungulira, wina akumupepesa, wina akufuna thabwa. Pambali pa mpanda panagona mtsikana ali zii, kapepala kake kakuti akutaya magazi pantchafu ndipo sakuyankha. Ndinayang'ana wotchi. Panatha mphindi 9 munthu asanamuone.

Sindinawakalipire, chifukwa mtima wa munthu umathamangira kulira. Ndinangowasonkhanitsa pamene panali mtsikanayo n'kuwauza kuti ikanakhala ngozi yeniyeni bwenzi titamutaya. Tinabwereza. Ulendo wachiwiri mmodzi wa amayi a ku Manje aja anafika pa mnyamata wokuwayo, anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, mukulira ndiye kuti mukupuma. Ndibweranso." Anapitirira mpaka pa mpanda, anamasula chitenje chake, kuchipinda, n'kupanikiza bala ndi thupi lake lonse osasiya mpaka machira atafika. Anachita bwino kuposa ena amene ali ndi masatifiketi. Ndi mayi yemwe uja dzina lake munalibe pa mndandanda.

Masana ake tinaphunzira kupanga machira ndi mitengo iwiri ndi bulangeti, kunyamula munthu mutu ndi msana zili mowongoka, ndi za amene khoma lamupsinja kwa maola ambiri. Ameneyo osangomusolola n'kumusiya poti akulankhula bwino. Minofu yophwanyika imatulutsa zoipa zimene zimakaononga impso, choncho ayenera kufika ku chipatala msanga kuti akaikidwe dripi.

Lachinayi tinakamba za maliro, ndipo linali tsiku lolemera. Ambiri amakhulupirira kuti mitembo ya pa ngozi imabweretsa mliri, n'chifukwa chake pamakhala changu chofuna kukwirira. Si choncho. Munthu amene wafa ndi matope kapena madzi sayambitsa mliri. Chofunika n'kuvala magolovesi, kumufunditsa mwaulemu, kulemba pomwe wapezeka ndi zomwe wavala, kuti abale ake adzamuzindikire. Womwalira ndi kolera ndiye wosiyana: abale asamusambitse okha, ndipo pamaliro pasaphikidwe chakudya cha gulu. Mayi wina anafunsa motsitsa mawu kuti nanga amene sanapezeke mpaka lero titani nawo. Ndinalibe yankho la m'buku. Tinakhala chete, kenako bambo a ku Chilobwe aja anayambitsa pemphero.

Lachisanu gulu lililonse linajambula mapu a kwawo: ngalande zimene zimadzaza msanga, milatho ya pa Mudi ndi Nasolo, nyumba zomwe muli agogo, olumala ndi amayi oyembekezera, njira yothawira ndi amene amasunga kiyi wa sukulu. Anagwirizananso woimba wezulo nthambi yoona za nyengo ikachenjeza usiku. A mu ofesi aja anabwera kudzatenga masatifiketi.

Tikulongedza, amayi a ku Manje anandidikira pakhomo. "Anesi, tinsalu tija mungatisiyire? Tikufuna tikaonetse anzathu a ku banki mkhonde." Ndinawapatsa tonse, ndipo tinapangana kuti Loweruka la sabata yamawa ndidzapita komweko ndikaweruka ntchito ya usiku. Nsalu zina ndikagula mu msika wa Limbe mawa, pamodzi ndi mawezulo awiri.