Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Msonkhano wa pachiwaya

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ntchito ya ukalaliki inandithera ku Limbe, ine n'kuyamba kukonza makompyuta a anthu pa Ginnery Corner. Lero ndikambe za kagulu kathu ka Loweruka.

Tinalipo anthu asanu ndi atatu, ndipo panalibe wolipidwa. Anayi anali ophunzira a pa Poly, wina ankagwira ntchito kubanki, wina ankagulitsa mafoni m'tauni, ndiye ine, ndiye Madamu, mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera ku Bangwe. Mwini kafe ya intaneti ankatibwereka kachipinda kakumbuyo kosungiramo makatoni. Tinkapempha makompyuta amene maofesi atopa nawo, kuwakuntha fumbi, kuikamo Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, n'kukapereka m'sukulu. Windows inkafuna laisensi, ndipo amene ankaika yakuba ankangokhalira kulimbana ndi mavairasi. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, umatha kukopera mnzako masanasana osatchedwa wakuba. Ife tinkakonda mtundu wa Ubuntu. Dzinalo linkamveka ngati umunthu wathu womwewu, koma chifukwa chenicheni chinali chakuti kampani ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inkatumiza ma CD aulere papositi. Masiku amenewo kutsitsa 700 MB pa dongle kunali kuwotcha ndalama ya ndiwo.

Madamu sanabwerere zomasula mawaya. Anabwera ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani mwana wa Fomu 1 ayambe waloweza mawu akuti Save asanadziwe n'komwe kuti akusunga chiyani. Ndiye anadzipereka kumasulira. Mawu onse amene pulogalamu imaonetsa amakhala m'mafayilo otchedwa .po, mzere wa Chingerezi pamwamba, mpata wolembapo chilankhulo chako pansi. Ndinawaikira Poedit, pulogalamu yotsegulira mafayilo amenewa, pa laputopu yakale, iwo ankamasulira kunyumba usiku akamaliza kuchonga makope, n'kundipatsa fulashi kuti ndikweze pa Launchpad, webusaiti yosonkhanitsirapo zomasulira za Ubuntu, chifukwa kwawo kunalibe intaneti. Mikangano yake inali yokoma. Delete ndi kufufuta kapena kuchotsa? Mnzathu wakubanki ankati Folder ndi foda basi, tisavutike, Madamu ankati chikwatu ndipo sankagonja. Trash anaitcha kudzala, tonse tinaomba m'manja. Desktop inatikanika mpaka lero.

Msonkhano ukatha cha m'ma 4 koloko, ena ankathamangira minibasi. Atatu tinkatsalira pachiwaya cha chipisi kuseri kwa kafe: ine, wakubanki uja ndi mnyamata mmodzi wa pa Poly amene ankadziwa Linux kuposa tonse. Sitinkautcha msonkhano, tinkati tikungocheza. Koma sukulu yoti ilandire makompyuta inkasankhidwa pamenepo, tsiku lopita linkamangidwa pamenepo, ndipo enawo ankangomva Loweruka lotsatira zinthu zitapsa kale. Chondiseketsa pano n'chakuti mu 2010, Ubuntu 10.04 itasamutsa mabatani otsekera windo kuchoka kumanja kupita kumanzere, anthu ambiri padziko anadandaula kuti sanafunsidwe, Shuttleworth n'kuwayankha kuti nkhani zoterezi si za demokalase. Ife tinamunena kwambiri munthuyu, atatu okhaokha, chipisi chili m'kamwa.

Mu Epulo 2011 Ubuntu 11.04 inatuluka ndi maonekedwe atsopano otchedwa Unity, ndipo mwezi womwewo ma CD aulere aja anasiya kubwera. Makompyuta athu anali ofooka: RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo, pa ambiri inali 256 MB, pa ochepa 512. Unity akanaisenza bwanji? Pachiwaya pomwepo tinagwirizana kusamukira ku mtundu wina wa Linux, Debian 6.0, yokhala ndi maonekedwe otchedwa LXDE, amene ndi opepuka. Chiganizocho chinali chabwino, ndipo ngakhale lero ndingachibwereze. Vuto linali lakuti mafayilo amene Madamu ankamasulira anali a GNOME, maonekedwe amene Ubuntu inali nawo Unity isanabwere, ndipo pa LXDE ambiri mwa mawu awo sakanaonekanso. Tonse atatu tinadziwa zimenezi mchere usanasungunuke pachipisi. Wakubanki anati, "Uwauze iweyo, amakumvera." Ndinavomera.

Sindinawauze. Chinali chaka cha mizere ya magalimoto ndi zigubu m'malo omwetsera mafuta, minibasi zinkasowa ndipo mtengo wochokera ku Bangwe, kudutsa Limbe, kudzafika pa Ginnery Corner unkakwera mmene kondakitala wafunira. Madamu anayamba kujomba, ndipo zitachitika zionetsero za pa 20 July anasiyiratu kubwera. Koma ntchito sanasiye. Ankatuma mphwawo ndi fulashi m'kaenvelopu. Ndinailandira katatu. Katatu konse ndinayankha pa meseji kuti, "Zikomo Madamu, ntchito yabwino kwambiri."

Ndinkadziuza kuti ndi ulemu. Ife tinaleredwa kuti mwana sauza wamkulu kuti wakhetsa thukuta pachabe, komanso nkhani yotere siyokambira pafoni, ndidikire tikaonane maso ndi maso. Kunena zoona ndinkaopa nkhope yawo. Ndinkaopanso funso lakuti munagwirizana liti, popeza yankho lake likanaulula kuti gulu la anthu asanu ndi atatu linkayendetsedwa ndi atatu okhala pabenchi ya chipisi. Mwezi uliwonse umene ndinakhala chete unkawonjezera mizere ina yambirimbiri yolembedwa pa kandulo magetsi atathima, ndipo mizereyo ikamachuluka m'pamenenso pakamwa pankalemera. Pakadafunda padajiwitsa.

Pa 17 Seputembala 2011 linali tsiku la Software Freedom Day, lokondwerera mapulogalamu aufulu ngati Linux, limene limachitika Loweruka lachitatu la mwezi umenewu. Tinabwereka holo ya tchalitchi china ku Ndirande n'kuyala makompyuta asanu. Kukhoma ndinamata pepala la malonjezo a Debian, aja amati Social Contract a mu 1997, ndipo mitu yake isanu ndinaimasulira ndekha m'Chichewa ndi cholembera chachikulu kuti anthu aone kuti si zamasewera. Cha m'ma 10 koloko Madamu anatulukira ndi ana asanu ndi mmodzi ovala yunifolomu, atawalipirira okha minibasi ziwiri. Anakhazika mtsikana wina pa kompyuta yoyamba n'kumuuza kuti, "Tsegula uone chilankhulo chako." Mtsikanayo anatsegula menyu. Chingerezi chokhachokha. Anasamukira pa yachiwiri, chimodzimodzi.

Madamu anandikodola, tinatuluka panja pafupi ndi mpopi.

"Achimwene, mawu anga ali kuti?"

Ndinafotokoza za Unity, za RAM, za LXDE, mofulumira ngati mwana wolakatula ndakatulo. Anandilola kumaliza.

"Zimenezo ndamva, ndipo mwina munachita bwino. Munadziwa liti?"

"Mu Meyi, Madamu."

"Meyi." Anawerenga zala mpaka Seputembala. "Munakambirana kuti? Ine maminitsi ake sindinawaone."

Ndinangoti kukamwa yasa. Tinabwerera m'holo, iwo n'kuima pa pepala lija. Anawerenga mutu wachitatu mokweza pang'ono kuti anyamata a pa Poly amve: "Sitidzabisa mavuto." Kenako anafunsa kuti anamasulira ndani. Ndinati ine. Anati, "Mwamasulira bwino," n'kupita kukathandiza ana awo kuseweretsa mbewa.

Lonjezo limenelo ku Debian si lokongoletsa khoma. Vuto lililonse limene munthu wapereka limapatsidwa nambala n'kuikidwa poyera, ndipo aliyense angawerenge amene ananena chiyani, tsiku liti, kaya zokambiranazo zikuchititsa manyazi akuluakulu a ntchitoyo kaya ayi. Anthu ake ali m'mayiko osiyanasiyana, ambiri sanaonanepo, ndiye chimene sichinalembedwe mnzako wakutali sangachilote. Ine zonsezi ndinkazidziwa n'kumaphunzitsa ena, koma sizinandifikire m'mutu kuti Bangwe nayenso ndi kutali pamene mafuta kulibe.

Loweruka lotsatira Madamu anabwera, atanyamula hadikava yatsopano. Sanakalipe. Ananena kuti chilichonse chokhudza gulu chizilembedwa mmenemo ndi tsiku lake ndi mayina a amene anavomera, kuti amene sanabwere azitumiziridwa meseji tsiku lomwelo, ndiponso kuti chimene chamangidwa kunja kwa kachipinda kaja chizionedwa ngati macheza mpaka chitabwera pamaso pa onse. Wakubanki anati izi n'zovutitsa, ife si boma, ndipo patatha milungu iwiri anasiya kubwera. Ndinamva chisoni chifukwa ndi amene ankatinyamulira mamonita pagalimoto yake, ndiye kuyambira pamenepo tinkawasenza pamutu mpaka pa siteji. Mnyamata wa pa Poly anapepesa n'kukhala pansi ndi Madamu kusankha mawu a GNOME amene akanagwiranso ntchito pa LXDE. Anapezekapo ndithu, chikwatu ndi kudzala zinapulumuka, koma ambiri anatsalira m'fulashi.

Mfundo yoyamba m'hadikavamo, yolembedwa ndi dzanja la Madamu, inali yakuti ndalama ya minibasi ya ana asanu ndi mmodzi ibwezedwe ndi amene analandira fulashi katatu. Ndinaibweza pang'onopang'ono, ndipo kagawo kalikonse ankakalemba n'kundisainitsa. Ndinamaliza mu Novembala. M'gawo lotsatira ndidzakamba mmene hadikava yomweyo inandigwiriranso pa nkhani ya ndalama za mafuta a jenereta.