Ulendo wa ku Lunzu: tinakaphunzira chiponde

Monga tinagwirizana pa msonkhano wa mwezi watha, Loweruka tinanyamuka anthu 14 kukacheza ndi gulu la anzathu a ku Lunzu, aja chiponde chawo chinatisowetsa makasitomala pa chionetsero. Tinakumana pa Wenela 7 koloko, kupatula amlembi omwe anatipeza minibasi italira kale. Sikelo imene anauzidwa kuti atenge inatsala pawindo ku Ndirande.

Titafika sanatifulumizire ku makina. Anatikhazika pamkeka, aliyense lichero lake, kusankha makilo 10 a CG7, mtedza wofiira uja. Iwo amaukonda kuposa mtedza wa Chalimbana chifukwa uli ndi mafuta ambiri, ndiye chiponde chimafewa chokha osathiramo mafuta ophikira. Wonyala, wofumbwa, wakuda mkati ndi wosweka kalekale, wonse pambali. Pafupifupi kilo yathunthu inachoka, ndipo amsungichuma athu anaiyang'ana ngati ndalama yagwera m'chimbudzi.

Alangizi a zaulimi anayankhulapo mwachidule za chuku, nkhungu ya poizoni imene imagwira mtedza. Anati chimayamba mtedza ukasungidwa usanaume, kapena ukawazidwa madzi kuti usavute kuswa, ndipo poizoni wake amaononga chiwindi. Kukazinga sikumuchotsa. Anatikumbutsanso kuti wofuna kugulitsa m'mashopu ayenera kupititsa chiponde chake ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu, botolo likhale ndi dzina, kulemera kwake, tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito.

Pokazinga m'pamene tinazindikira kuti takhala tikulakwitsa zaka zonsezi. Ife timasonkhezera moto kuti tithane nazo msanga, mtedza n'kupsa kunja mkati muli mwawisi, chiponde n'kumawawa. Iwo amadikira makala ayambe kuchita phulusa pamwamba, amaika kilo imodzi yokha m'chiwaya, n'kumatakasa osaleka kwa mphindi 15 mpaka 20. Sayang'ana khungu. Amatola njere imodzi, kuifikisa ndi zala n'kuiswa pakati: ikakhala yofiirira mpaka mkati, yapsa. Akaphula amayanika nthawi yomweyo pa lichero, chifukwa ukausiya m'chiwaya umapitiriza kupsa. Ukazizira pang'ono amaufikisa m'manja n'kupeta. Khungu lofiira likatsalira lambiri, chiponde chimada ndipo chimakhala ndi kakuwawa kumapeto kwa lilime.

Makina anangogaya makilo atatu magetsi n'kuzima. Eni ake sanatekeseke, anatulutsa mitondo iwiri ndi mphero. Apa ndiye panachitikira nkhani ya madzi. Mtedza ukamasinjidwa umayamba wakhala ngati nsinjiro, kenako umaumbika n'kukakamira ku munsi, ndipo munthu amaganiza kuti zakanika. Panthawi imeneyi achiwiri kwa apampando anati, "Amayi, tangothiranimoni timadzi pang'ono," ndipo asanayankhidwe anali atathira theka la kapu. Chinthu chija chinauma gwa, ngati dothi loumbira mbiya. Mayi wamkulu wa gulu la kumeneko anangoti, "Mwana wanga, chiponde ndi madzi n'chimodzimodzi mbuzi ndi fisi." Anafotokoza kuti ukapirira n'kusinjabe mtedza udakali wofunda, mafuta amatuluka okha. Chikakanitsitsa, supuni imodzi ya mafuta ophikira pa kilo ndi yokwanira. Cha madzi sichichedwa kuchita nkhungu. Cha mtondo umenewo anatenderera mkhwani wa nkhomaliro, ndipo dzina loti "Timadzi Pang'ono" sitikuona ngati lichoka msanga.

Wogwiritsa ntchito blenda kunyumba aziiyendetsa mphindi imodzi, n'kuipumitsa, n'kupala m'mbali ndi supuni youma. Ukaikakamiza imapsa mota.

Mkangano wa shuga unadya ola lathunthu. Anzathu a ku Chilomoni ankati ana safuna chopanda shuga. Eni malo amathira kasupuni ka tiyi kamodzi ka mchere wosalala pa kilo, basi, poti ambiri amagula kuti atendere ndiwo ndi kuthira m'phala. Ine ndili mbali ya mchere. Tinagwirizana zopanga mitundu iwiri, wa shuga uzikhala ndi chivindikiro chofiira.

Mabotolo amawawiritsa n'kuwaumitsa padzuwa chozondoka mpaka dontho lomaliza. Mafuta akayandama pamwamba pakapita masiku, si kuti chaonongeka, n'kungotakasa.

Nkhomaliro inali nsima, nkhuku yachikuda, mkhwani uja ndi thobwa. Chinangwa chopaka chiponde chinatha abusa asanamalize pemphero, tikudziwana.

Tikuthokoza amfumu potilandira, amayi onse omwe anaphika, adalaivala podikira mpaka 5 koloko, komanso bambo awiri aja a m'gulu mwathu omwe anagwira munsi osaopa kusekedwa. Lachitatu aliyense abwere ndi makilo awiri a mtedza wosankha kale ndi mabotolo atatu ouma. Amlembi, sikelo.