Amalume, pepala lija ladutsa

Abale, ladutsa! Dzulo madzulo ku yunivesite andiuza kuti kafukufuku wanga amuvomera. Mpaka pano thupi likunjenjemera. Za maliro a amayi, za fizi, za kudwala kwanga mukuzidziwa kale, sindibwereza. Mulungu yekha ndiye wandinyamula.

Koma Amalume anga a ku Katete. Inu Amalume!

Ndinkafufuza zomwe kalembera wa boma amaonetsa pa zaka za mavuto, kuyambira pamene mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 mpaka migodi ya ZCCM, kampani ya boma ya migodi ya mkuwa, itagulitsidwa mu 2000. Malipoti a Central Statistical Office, ofesi ya boma imene inkayendetsa kalembera, amati mu 1980 anthu pafupifupi 40 mwa 100 alionse m'Zambia ankakhala m'tauni, koma pofika 2000 anali atatsikira pa 35. Ine ndinkangoona manambala, osadziwa polowera. Inu amene munayenda khomo ndi khomo ndi mafomu a kalembera mu 1990 ndi 2000, ndinu munanditsegula maso. Munandiuza za mabanja obwerera kumudzi kuchokera m'matauni a migodi, ku Kitwe ndi ku Luanshya, bedi ndi mapoto pamwamba pa basi, kukagwada kwa amfumu kupempha munda. Ana olankhula Chibemba, khasu osalidziwa, ndipo mu 1992 chilala n'kuwapeza komweko. Munandiuzanso za makomo amene mu 1990 munalemba bambo ndi mayi, pobwerera mu 2000 n'kupeza agogo okha ndi adzukulu. Tsiku lomwelo tinalira tonse, ndipo mutu wachitatu wa pepalali unachokera pamenepo.

Ndalama zitatheratu, munagulitsa mbuzi yanu kuti ndikwere basi kupita ku National Archives, kosungirako zolemba zakale za boma, ku Lusaka. Simunandiuze, ndinachita kumva kwa azakhali. Maso akukuvutani chonchi, munkandiimbirabe foni usiku: "Mwanawe, walemba lero?"

Zikomonso amayi a kwaya amene munasinthana pondidikirira kuchipatala, ndi mnzanga wa ku Kapata amene unandibwereka kompyuta yako osafunsa tsiku lobweza.

Enanu munkati kuwerenga anthu akale kudyetsa ndani, ndipo foni yanga munasiya kuyankha. Ndilibe nanu mangawa, koma ndinaona.

Ambuye akuwonjezereni masiku Amalume, akuchiritseni masowo. Dzina lanu lili patsamba loyamba, pamodzi ndi la amayi. Loweruka ndikubwera kudzakuwerengerani pepala lonse, musapite kudimba.