Mfuti ya Clark Gable isakathere m'kabati

Anzanga, usiku wathawu tulo sindinatione chifukwa cha mfuti zakale za Parker, zija za mipope iwiri yogundizana. Ankazipanga ku Meriden, m'chigawo cha Connecticut ku America, kenako kampani ya Remington inagula dzinali mu 1934, ndipo pofika 1942 zinasiya kupangidwa.

Clark Gable, katswiri wa mafilimu uja, anali nayo Parker yake. Iye ndi mkazi wake Carole Lombard ankakonda kupita limodzi kukasaka abakha. Anakwatirana mu 1939, koma mu Januwale 1942 mayiyu anafa pa ngozi ya ndege kufupi ndi Las Vegas. Zaka zitatu sizinakwane n'komwe. Ndiye ndikaona chithunzi cha mfuti yotere, mtengo wake utachita kusalala pogwirira, agalu ndi mbalame zitagobedwa ndi manja pachitsulo, mtima umandiwawa ndithu. Ndimaona anthu awiri ali m'dambo m'bandakucha, kukuzizira, akudikira abakha.

Ine sindisangalala kuti zinthu ngati izi azigula ndi mpondamatiki mmodzi pa okushoni n'kukazitsekera m'nyumba mwake. Aziike kumyuziyamu, nafenso tikadzapita kumeneko tidzazione ndi maso athu.