Ulere, ufulu ndi za m'kati mwa fayilo yanga

Pamene ndinkayamba phunziro la kasamalidwe ka makompyuta ndi mapulogalamu ake, ndinali ndi maganizo okhwima kwambiri pa nkhani imene sindinkaidziwa bwino. Ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti mapulogalamu a open source, amene malangizo awo a m'kati ali poyera kwa aliyense, amaposa ogula, kuti ndi otetezeka, ndiponso kuti munthu wolipira ndalama pa pulogalamu yolembera makalata akungomwaza chuma chake. Zonsezi ndinali ndisanaziyese ndekha. Ndinkangozitola m'mitu ya nkhani za tekinoloje zimene ndinkawerenga m'mawa uliwonse, ndipo kawirikawiri nkhaniyo sindinkafika nayo kumapeto n'komwe. Tsiku lina nditalankhula motero m'kalasi, aphunzitsi athu sananditsutse, koma anangondifunsa modekha kuti, "Mukati pulogalamuyo ndi yaulere, kodi mukunena za ndalama kapena mukunena za chinthu china?" Ndinasowa choyankha, ndipo funso limenelo lakhala likunditsata teremu yonseyi.

Nditakhala pansi n'kuwerenga, ndinapeza kuti chisokonezo chagona pa liwu la Chingerezi lakuti free, limene lasenza matanthauzo awiri, pomwe ife tili ndi mawu awiri osiyana bwinobwino, ulere ndi ufulu. Richard Stallman, katswiri wolemba mapulogalamu wa ku America, polengeza ntchito ya GNU yopanga mapulogalamu aufulu m'chaka cha 1983, ndi pokhazikitsa bungwe la Free Software Foundation mu 1985, sankanena za mtengo. Ankanena za ufulu, umene lero umawerengedwa m'mitundu inayi, yomwe ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu pa chilichonse chimene munthu wafuna, wowerenga ndi kusintha khodi yake, wogawira ena makope, ndiponso wogawira ena zimene wasinthazo. Khodi ndi malangizo amene wopanga pulogalamu amalemba asanasandutsidwe chilankhulo cha makina, ndipo popanda iyo munthu sangadziwe zenizeni zimene pulogalamu ikuchita. Layisensi ya GPL, imene imateteza ufulu umenewu ndipo inatuluka koyamba mu 1989, siletsa kugulitsa. Chimene imaletsa n'chakuti munthu alandire khodi mwaufulu, aisinthe, kenaka awabisire anthu amene wawapatsa pulogalamu yosinthidwayo. Ndinachita kukayika maso anga nditawerenga kuti Red Hat, kampani imene malonda ake anakhazikika pa Linux, pulogalamu yaufulu yoyendetsa kompyuta yonse monga imachitira Windows, inagulidwa ndi IBM mu 2019 pa mtengo wa madola 34 biliyoni. Kumbali inayo, mapulogalamu ambiri amene timatsitsa pa intaneti osalipira kanthu ndi otsekedwa zolimba, moti ndi aulere koma ufulu mulibe. Mawu akuti open source enieniwo anadza pambuyo, mu 1998, chaka chimene Netscape inatulutsira poyera khodi ya pulogalamu yake yofufuzira pa intaneti.

Zimenezi ndinaziloweza ndipo pa mayeso ndikanazilemba bwino, koma zinali zidakali za m'buku. Chimene chinandigwedeza kwenikweni ndi lipoti la masamba khumi ndi awiri limene ndinapereka pakati pa teremu. Pa kompyuta yanga linkaoneka lokongola, matebulo atatu ali m'malo mwake, mitu ili pakati. Aphunzitsi atalitsegula pa kompyuta yawo, tebulo lachiwiri linali litadukira pa tsamba lina, mitu itapendekera kumanja, ndipo masamba anali atakwana khumi ndi anayi. Ndinafulumira kunena kuti pulogalamu yawo ndiyo yawononga ntchito yanga. Iwo anangoti, "Koperani fayiloyo, musinthe dzina lake, pomwe pali .odt muikepo .zip, ndiye mukaone zimene zili m'katimo."

Usiku womwewo ndinachita monga anandiuzira, ndipo fayilo imene ndinkaiona ngati chinthu chimodzi inamasuka n'kukhala foda ya tizidutswa tingapo. Munali content.xml, mmene muli mawu onse amene ndinalemba, munali styles.xml, mmene muli malangizo a kaonekedwe ka tsamba, ndipo zithunzi zanga ziwiri zinali mu foda yakeyake yotchedwa Pictures. Nditatsegula content.xml ndi kapulogalamu wamba kowerengera mawu, ndinadzionera ndekha manyazi anga. Kutsogolo kwa mutu uliwonse kunali kachizindikiro kakuti text:s kotsagana ndi nambala, ndipo nambalayo inali kuwerenga mipata imene ndinaiponya ndi chala pofuna kukankhira mutuwo pakati, kwina 23, kwina 31. Ndinali ndisanauze pulogalamuyo kuti uwu ndi mutu ndipo ukhale pakati. Ndinangoukankha mpaka maso anga anakhutira. Mtundu wa zilembo umene ndinasankha unalinso wa pa kompyuta yanga yokha, choncho kompyuta ya aphunzitsi inaikapo mtundu wina wotambalala pang'ono, ndipo kutambalala kochepako, kutachulukitsidwa ndi mizere mazanamazana, ndi kumene kunagwetsa tebulo lija. Wolakwa sanali wina koma ine, ndipo ndinatha kudziwa zimenezi chifukwa chakuti fayiloyo inalola kuti ndione m'mimba mwake.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kufunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti, n'kuyamba kufunsa kuti zolemba zanga zasungidwa mumpangidwe wotani, ndiponso ndani angathe kuziwerenga zaka makumi awiri zikubwerazi. Mpangidwe wa OpenDocument, umene .odt ili m'gulu lake, unavomerezedwa ndi bungwe la ISO, loona za miyezo pa dziko lonse, mu 2006, ndipo aliyense angathe kuwerenga malamulo ake n'kulemba pulogalamu yoti iziutsegula. Kunena chilungamo, .docx ya Microsoft Word nayo ndi zip yokhala ndi mafayilo a XML m'kati monga .odt, ndipo mpangidwe wake unavomerezedwanso ndi ISO mu 2008, chinthu chimene sindinkachidziwa pa nthawi imene ndinkainyoza. Maganizo anga tsopano ndi akuti munthu angasinthe pulogalamu tsiku limodzi, koma zolemba za zaka khumi zikatsekeredwa mumpangidwe umene kampani imodzi yokha ndiyo ikuudziwa, mwini wakeyo amakhala ngati walendi m'nyumba imene anamanga yekha.

Panali funso lina limene linkandivuta mumtima, ngakhale sindinkalitulutsa. Ine sindidziwa kulemba khodi yoposa mizere makumi awiri, nanga ufulu wowerenga khodi ya mizere mamiliyoni undipindulira chiyani? Yankho ndinalipeza m'mbiri ya LibreOffice, pulogalamu yaufulu yolembera makalata ndi ntchito zina za mu ofesi. Mu 2010 Oracle inagula Sun Microsystems, kampani imene inkayang'anira OpenOffice.org, ndipo ambiri mwa anthu amene ankathandiza kulemba pulogalamuyo anada nkhawa ndi tsogolo lake. Chifukwa layisensi inkawalola, anatenga khodi yonse, nakhazikitsa The Document Foundation m'mwezi wa September chaka chomwecho, n'kupitiriza ntchitoyo pansi pa dzina latsopano la LibreOffice. Munthu wamba amene ankangolemba makalata ake sanawerenge mzere ndi umodzi womwe, komabe anapindula chifukwa ena odziwa anali ndi ufulu womupitirizira chida chake. Pulogalamu yotsekedwa mwini wake akaileka, palibe wina amene malamulo amamulola kuidzutsa.

Chikhulupiriro chimene chinandivuta kwambiri kuchisiya ndi chija chakuti khodi ikakhala poyera ndiye kuti maso ambiri akuiyang'ana, choncho cholakwika sichingabisale. Mu April 2014 munadziwika vuto lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu imene inkateteza mauthenga a mawebusayiti ochuluka zedi, ndipo vutolo linali litakhalamo pafupifupi zaka ziwiri aliyense ali ndi mwayi woliona. Nkhani imene ndinaiwerenga mobwereza ndi ya xz, kapulogalamu kochepetsa kukula kwa mafayilo kamene kamapezeka pafupifupi m'mtundu uliwonse wa Linux. Kwa zaka zambiri kankasamalidwa ndi munthu mmodzi, Lasse Collin, pa nthawi yake yopuma. Munthu wina wodzitchula kuti Jia Tan anayamba kuthandiza, ndipo kwa zaka pafupifupi ziwiri ankatumiza zokonza zabwinobwino mpaka anakhulupiriridwa n'kupatsidwa mphamvu zotulutsa makope atsopano. Mu makope a 5.6.0 ndi 5.6.1 anabisamo khomo lachinsinsi loti alowerepo m'makompyuta a anthu, ndipo analibisa m'mafayilo ooneka ngati oyesera chabe. Amene anazitulukira, kumapeto kwa March 2024, ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira ntchito pa pulogalamu yosunga deta ya PostgreSQL, ndipo sankafufuza za chitetezo ayi. Anangoona kuti kulowa m'kompyuta kudzera pa SSH, njira yotetezeka yolowera m'kompyuta uli kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi ndiponso kukudya mphamvu zambiri za purosesa, ndiye anatsatira chingwecho mpaka kumene chinachokera.

Nkhani imeneyi anthu a mbali zonse ziwiri anaitenga ngati umboni wawo. Ena ankati taonani kuopsa kwa khodi imene aliyense angaikemo dzanja, ena ankati taonani ubwino wa khodi yotseguka, poti munthu mmodzi watha kufukula chiwembu chisanafike kwa anthu ambiri. Ine ndikuona kuti onse akunena zoona pang'ono, koma akulambalala chenicheni, chimene ndi chakuti chida chimene makampani akuluakulu ankadalira chinali pa mapewa a munthu mmodzi wosalipidwa. Kukhala poyera kumapereka mwayi woti munthu ayang'ane, koma sikulemba ntchito woyang'anayo.

Kawerengedwe kanga ka nkhani za tekinoloje kasinthanso chifukwa cha zimenezi. Kale ndikanaona mutu wakuti mzinda wa Munich ku Germany wabwerera ku Windows, monga khonsolo yake inagamulira mu 2017 itatha zaka zoposa khumi ikusamutsira makompyuta pafupifupi 15,000 ku Linux, ndikanapsa mtima kapena kugwa mphwayi. Ndikanaonanso wakuti chigawo cha Schleswig-Holstein, ku Germany komweko, chinalengeza mu 2024 kuti makompyuta aboma okwana 30,000 asamukira ku LibreOffice ndi Linux, ndikanaomba m'manja. Pano ndimayamba ndafunsa kuti ogwira ntchito aphunzitsidwa motani, mafomu akale asinthidwa ndi ndani, ndiponso mapulogalamu apadera a m'maofesi amenewo ayenda pa chiyani, pakuti mafunso amenewa mitu ya nkhani siyankha. N'chimodzimodzi ndi kutha kwa chithandizo cha Windows 10 pa 14 October 2025, kumene kunasiya makompyuta ambiri abwinobwino osatha kulandira Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka TPM 2.0 kapena purosesa yovomerezeka. Ambiri analangiza kuti eni ake angoikamo Linux, ndipo kwa munthu wolemba makalata ndi kufufuza pa intaneti malangizowo ndi abwino ndithu. Koma kwa amene ntchito yake yatsamira pa pulogalamu imodzi yosapezeka pa Linux, kumuuza zimenezo osamufunsa kaye za ntchito yake ndi kulankhula m'chimbulimbuli, monga ndinkachitira ine.

Lipoti lija ndinalikonzanso kuyambira pachiyambi. Mitu yonse ndinaiika pogwiritsa ntchito masitayelo, amene amauza pulogalamu kuti uwu ndi mutu ndipo uoneke motere, mipata yoponya ndi chala ndinaichotsa, ndipo ndinatumiza makope awiri, la .odt loti aphunzitsi athe kulembamo ndemanga ndi la PDF loti kaonekedwe kasasunthe. Ndisanatumize ndinalimasulanso ngati zip kuti nditsimikize, ndipo text:s ndinamupeza malo amodzi okha, pamene chala chinagunda katatu mwangozi. Sabata yamawa tili ndi mayeso a za malayisensi, ndipo ndikulimbanabe ndi funso limene aphunzitsi atipatsa lokonzekera, lakuti chimachitika n'chiyani munthu akasakaniza khodi ya layisensi ya MIT, imene imalola kutseka zimene wasintha, ndi khodi ya GPL m'pulogalamu imodzi imene akufuna kugulitsa.