Supra, para, infra: sabata ya mafomu a sella m'chipinda cha MRI

M'chipinda chathu cha MRI, makina ojambula mkati mwa thupi ndi maginito, Lolemba kunabwera fomu yopempha kujambula mutu yolembedwa "suprasellar", Lachitatu ina ya "parasellar". Kwa wojambula amene wangoyamba ntchito mawuwa amamveka ngati amodzi, koma akuloza malo osiyana, ndipo malowo ndi amene amatiuza poyang'anitsitsa.

Poyambira pake ndi fupa la sphenoid, lomwe lili pakati pa chigaza, pansi pa ubongo. Pamwamba pake pali kadzenje kooneka ngati chishalo cha kavalo, n'chifukwa chake amati sella turcica, m'Chilatini chishalo cha Aturuki. M'kadzenjemo mumakhala pituitary, kachiwalo kotulutsa mahomoni, kosaposa njere ya mtedza. Supra ndi pamwamba pa kadzenjeko, para ndi m'mbali, infra ndi pansi.

Wa Lolemba anali mayi amene msambo unasiya, mkaka ukutuluka koma sakuyamwitsa, ndipo poyenda ankagundana ndi anthu obwera cham'mbali osawaona. Pafupifupi mamilimita 10 pamwamba pa pituitary pali optic chiasm, pomwe minyewa ya maso awiri imapingasana. Chotupa chikakwera n'kuipanikiza, maso onse amasiya kuona cha kunja. Tinadula zithunzi za mamilimita 3, sagittal (zoonera cham'mbali) ndi coronal (zoonera chakutsogolo), tisanabaye gadolinium, mankhwala owalitsa zithunzi, komanso titabaya. Coronal imaimikidwa molunjika pansi pa sella, apo ayi chiasm imaoneka yopendekeka ndipo muyeso umanama. Chotupa chinaposa mamilimita 10, ndiye kuti macroadenoma, ndipo adokotala anatumiza magazi kukayeza prolactin, homoni yochititsa kuti mkaka utuluke. Zotupa zambiri zotulutsa prolactin zimaphwa ndi mankhwala a cabergoline popanda mpeni.

Parasellar ndiye yoopsa. M'mbali zonse ziwiri za sella muli cavernous sinus, ngalande ya magazi momwe mumadutsa mtsempha waukulu wa carotid ndi minyewa yoyendetsa diso: ya 3, ya 4 ndi ya 6 mwa minyewa yochokera ku ubongo. Bambo wa Lachitatu anabwera chikope chakumanja chitagwa, akuona zinthu ziwiriziwiri. Pamenepa osathamangira kunena kuti ndi chotupa. Pa T2, mtundu wa chithunzi cha MRI pomwe madzi amawala, mukaona kanthu kozungulira kakuda bii, akhoza kukhala magazi othamanga mumtsempha wofufuma, aneurysm. Timawonjezera MRA, MRI yoonetsa mitsempha ya magazi, wodwala asanatsike pabedi, chifukwa dokotala wa opaleshoni akaboola chinthu chotere poyesa chotupa, magazi ake ndi ovuta kuwaletsa.

Lachinayi tinabwereza ntchito. Fomu inangoti "MRI brain", ndiye anajambula mutu wonse ndi zithunzi za mamilimita 5. Zinadziwika pambuyo pake kuti adokotala ankafuna microadenoma, chotupa cha pituitary chosakwana mamilimita 10. Kanthu ka mamilimita 4 kamabisala pa zithunzi zokhuthala chonchi. Kamafuna dynamic: kujambula coronal mobwerezabwereza mankhwala akangolowa, poti pituitary yabwino imawala msanga, chotupacho n'kutsalira chakuda kwa kanthawi kochepa. Mukachedwa, zonse zimawala mofanana. Wodwalayo analipiranso minibasi chifukwa cha liwu limodzi losalembedwa.

Infrasellar inabwera Lachisanu. Pansi pa sella pali mphako ya mpweya, sphenoid sinus, njira imene madokotala amadzera kuchokera m'mphuno pochotsa chotupa. Apa adokotala anapempha CT, sikani ya X-ray, popeza ndi imene imaonetsa bwino timakoma ta fupa togawa mphakoyo. Kakhoma kena kamakathera pa fupa lophimba carotid, ndipo lipoti liyenera kutchula mbali yake, kumanja kapena kumanzere.