Takhuta abale anga, ana alowa m'kalasi

Lolemba lapitali, itangokwana 7 koloko m'mawa, mlonda wathu anamenya chitsulo chija chopachika pamtengo wa nimu, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni namondwe Freddy, ana a Sitandade 1 ndi 2 sanathamangire pansi pa mitengo. Analowa m'kalasi. Ine ndinaima pakhomo kuwaonerera. Ena anavula tinsapato tawo n'kusiya panja ngati akulowa m'nyumba ya eni ake. Kamnyamata kena kanangofikira kugona chafufumimba, tsaya lili pasimenti, kumva kuzizira kwake. Amene mumalidziwa dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa, loposa madigiri 40, simungakadzudzule. Aphunzitsi ake anakasiya kaye pang'ono, kenako n'kukadzutsa.

Ndiye ndati ndilembe pano, poti ambiri amene munatithandiza muli kutali, ena ku Nchalo, ena ku Blantyre, ena ku Joni, ndipo pamsonkhano wa makolo simudzakhalapo. Ndine mphunzitsi wamkulu wa kasukulu ka pulaimale kali pakati pa Ngabu ndi Bangula, mukasiya msewu wa M1 n'kutsetserekera chakumtsinje wa Shire. Mayina sinditchula, ndingaiwale wina n'kumukhumudwitsa. Mudzizindikira nokha.

Madzi si achilendo kwa ife. Tinaona a 2015, tinaona namondwe Idai mu Malichi 2019, kenako namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Gombe patangopita milungu yochepa. Koma Freddy, mu Malichi 2023, anatipeza tisanawongoke n'komwe. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala m'chigawo chakumwera, ndipo ena mwa iwo anagona m'makalasi athu, chifukwa sukuluyi ili pakachitunda. Buloko yathu yakale, imene makolo anamanga ndi njerwa ndi matope maphunziro aulere atangoyamba mu 1994, inamwa madzi masiku atatu, usiku wina n'kugwa. Munalibe munthu. A Nyakwawa, inu ndi amene munaona mng'alu pakhoma madzulo ake, n'kuuza mabanja amene anali atayala kale mphasa kuti atuluke akapanikizane ndi anzawo m'makalasi enawo. Anthu anang'ung'udza, mvula ili phwata, ana ali kumsana. Inu simunasinthe mawu. Tikanakhala tikusimba zina lero. Zikomo, Mfumu.

Tsiku lomwelo masana, achiwiri anga anali atalowa muofesi, imene inali kumapeto kwa buloko imeneyo, denga likudontha ponseponse. Sanatenge wotchi yakukhoma kapena mpando. Anatenga marejisitala onse asanu ndi atatu, n'kuwaika m'chidebe chapulasitiki chovundikira, n'kusenza mpaka kunyumba kwawo. Dzuwa litatuluka ndinawapeza atayala marejisitala aja pamphasa, akutembenuza tsamba limodzilimodzi ndi nsonga ya mpeni kuti lisang'ambike, timiyala tili m'makona. Inki inali itayenderera, koma mayina ankawerengeka. Nthawi imeneyo sindinadziwe kuti mabuku onyowawo ndi amene adzatibwezere ana.

Sukulu itatsegulidwanso, poitana mayina panali mipata yambiri. Mabanja ena anasamukira kumtunda, ena kwa abale ku Mozambique. Anyamata ena anali m'mabwato, kuwedza makakana ndi milamba, ena kubusa kuweta ng'ombe za eni kuti kunyumba kupezeke ufa. Amayi a Mother Group anakopera mayina a osowawo papepala, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Sanalandire ngakhale wani tambala. Pakhomo pena anapeza nkhani ya ukwati wa mtsikana wa Sitandade 6 itafika kale patali. Sanakalipe. Anakhala pansi ndi mayi ake, anabwerera mawa lake, anabwereranso ndi a Gulupu. Lero mtsikanayo ali Sitandade 8, amakhala kutsogolo, ndipo masamu akumuyendera. Amayi inu, mawu oti zikomo akuchepa. Ndimakuonani mukamadutsa kupita kudimba, ndipo mtima wanga umakugwadirani.

Inunso amene munakhala pakampu pano, ndikuthokozeni. Pali madesiki ena amene anathera pamoto, ndipo anthu andifunsapo ngati ndinakwiya. Ayi. Nkhuni zonse zinali zonyowa, ana akunjenjemera, mukanatani? Chimene ndimakumbukira n'chakuti tsiku lochoka munasesa makalasi, amayi anakolopa, ndipo pomanga buloko yatsopanoyi oyamba kufika ndi ndowa za mchenga munali inu nomwe. Alangizi a zaumoyo, amene munkayenda ndi kolorini m'mawa uliwonse kuthira m'zidebe, nthawi imene kolera inali itavuta dziko lonse kuyambira 2022, dziwani kuti pasukulu pano sitinaike maliro a kolera, ndipo sitiiwala kuti munali inu.

Aphunzitsi anzanga, chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri pansi pa mtengo si masewera. Amene sanaphunzitsepo panja amaganiza kuti vuto ndi mvula yokha. Vuto lalikulu ndi maso a mwana. Padutse ngolo, onse atembenuka. Mbuzi ilowe pakati pawo, phunziro latha. Kamvulumvulu akabwera, bolodi lotsamira pamtengo lija lagwa, choko chabalalika, makope adzaza fumbi. Mthunzi nawo umayenda, ndiye pofika 10 koloko kalasi yonse yasuntha kawiri. Tsono mwana wa Sitandade 1 ndi amene akuyamba kumene kumva kusiyana kwa ba, be, bi, ndipo amafunika kumva bwino mawu a mphunzitsi. Madamu a Sitandade 1 mawu anawatherapo kangapo, komabe m'mawa ankabwera, n'kumaphunzitsa monong'ona, ana atawazungulira pafupi. Aphunzitsi a Sitandade 8 amapalasa njinga kuchokera kutali poti nyumba za aphunzitsi n'zochepa, koma 6 koloko amakhala atayamba kale phunziro lapadera, osapempha kanthu kwa makolo. A PEA, mlangizi wa sukulu za pulaimale za dera lathu, zikomo chifukwa cha choko ndi mabuku owerenga amene munkatibweretsera panjinga yamoto kuchokera ku TDC, likulu la aphunzitsi a dera lino, msewu usanakonzedwe.

Tsopano za kumanga. Ndalama yotukulira sukulu ya SIG imene timalandira kuchokera ku boma imathandiza zing'onozing'ono, siyingamange buloko. Anayambitsa nkhaniyi ndi ana athu akale. Mmodzi, amene amadula nzimbe ku Nchalo, anaona chithunzi cha khoma logumuka, n'kutsegula gulu la WhatsApp. Ndalama zinayamba kulowa pa Mpamba ndi pa Airtel Money, zochepazochepa, mwezi ukatha. Panali wina amene ankatumiza yokwana theka la thumba la simenti, n'kulemba kuti pepani aphunzitsi, mwezi uno zavuta. Mwanawe, theka lakolo lili m'khomamo. Mpingo wina wa kuno ndi anzathu Achisilamu anasonkhanso ya malata, ndipo bungwe lina lachifundo linamalizitsa zitseko ndi mawindo.

Kale makolo akanaumba njerwa n'kuotcha, koma masiku ano nyumba za boma zimafuna mabuloko a simenti, ndipo ife sitinatsutse. Mitengo yotenthera uvuni ndi yomweyo imene ikanagwira dothi kumapiri, ndipo madzi amene amatikokolola amachokera komweko. Ndiye makolo anagawana ntchito mudzi ndi mudzi: awa mchenga, awa miyala, awa madzi. Eni ngolo anatuta simenti kuchokera pa Ngabu, ng'ombe zawo zomwe, osalipiritsa. Amisiri tinawapempha chinthu chimodzi, kuti maziko akwere, ndipo akweradi, moti ana amakwera masitepe atatu polowa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nthawi imene ntchitoyi inagwiridwa. Mvula ya kumayambiriro kwa 2024 inadula, mapira ndi mchewere zinapserera m'munda, moti mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Ndikudziwa makomo amene ankagonera nyika, amayi atakazizula m'madambo momwe muli ng'ona. Anthu omwewo m'mawa ankasenza mchenga. Tsiku lina ndinauza agogo ena kuti apume, mdzukulu wawo awasenzere. Anandiyang'ana n'kunena kuti mdzukuluyo ntchito yake ndi kukhala m'kalasi, yosenza ndi yawo. Ndinasowa choyankha, ndinangowathandiza kutula.

Amayi ophika phala, inu mumafika kusanache, utsi uli m'maso, mpoto waukulu uja mukuvundula ndi mthiko wotalika ngati nkhafi. Chaka cha njala ngati cha 2024, kapu ya phala ndi imene imadzutsa mwana kupita kusukulu, ndipo rejisitala imachitira umboni: tsiku limene ufa wachedwa, mayina osayankha amachuluka. Zikomo inu, zikomonso amene mumatumiza ufawo. Msungichuma wa komiti, mayi amene analemba kwacha iliyonse m'kope n'kumamata pepala pachitseko mwezi ndi mwezi kuti aliyense awerenge, mwatiteteza ku miseche. Kopelo lilipo, wofuna kuona abwere.

Ndisakunamizeni kuti zonse zatha. Sitandade 3 ndi 4 akadali pansi pa nimu, ndipo mvula ili pafupi. Ikayamba tidzawalowetsa mosinthana, aang'ono m'mawa, enawa akaweruka anzawo, choncho makolo musadabwe mwana akamafika kunyumba mochedwerapo. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi zimbudzi. Dothi lathu ndi lamchenga, dzenje losamangira m'kati limagumuka mvula yoyamba. Zatsala ziwiri zokha zodalirika, ndipo atsikana akuluakulu alibe kachipinda kosinthira. Mtsikana akasowa pobisala masiku ake amajomba, akajomba kangapo amatsalira, kenako timamva kuti wasiya. Amayi aja anavutika kuwabweza anawa, tisawatayenso chifukwa cha chimbudzi. Komiti yagwirizana kuti ndalama iliyonse yolowa tsopano iyambe yapita kumeneko, madesiki adikire. Ana akhala pansi, koma ndi pasimenti. Za mjigo wathu wa madzi amchere uja tidzakambirana pamsonkhano.

Makolo a Sitandade 8, nthawi yolembetsa mayeso a MANEB ikafika tidzakuuzani kudzera mwa ana ndi mafumu. Chonde bwerani mudzaonetsetse kuti dzina la mwana ndi tsiku lobadwa zalembedwa molondola, chifukwa kukonza pambuyo n'kovuta. Ndikupemphaninso za tsiku la msika. Tikudziwa kuti pakhomo pavuta, koma mwana amene mwamutuma kukagulitsa masau kapena mbatata Lachinayi lililonse amataya tsiku limodzi pa masiku asanu. Ngati palibiretu wina woti apite, bwerani tikambirane, tione chochita limodzi.

Kwa inu a ku Joni ndi a ku Blantyre, zithunzi ndaika pagulu lija. Chachitatucho muone bwino, ndi kamnyamata kogona pasimenti kaja. Mukabwera pa Khirisimasi mudzadutse, makiyi amakhala ndi mlonda, adzakutsegulirani ngakhale sukulu itatsekera.

Agogo athu akuno pothokoza amati takhuta. Takhuta kakamwe, abale anga nonse, ndipo Mulungu abwezeretse pamene munachotsa.

Loweruka likubwerali tikumba dzenje la zimbudzi za atsikana, kuseri kwa buloko yatsopano. Tiyambe 5 koloko dzuwa lisanakwiye. Abambo mubwere ndi makasu, mapiki ndi mafosholo, amayi ndowa. Mabuloko otsala pomanga alipo okwanira kuyamba kumangira m'kati. Amene muli ndi mbande za nimu kapena udzu wa vetiva mutengeko, tibzale m'mbali mwa maziko mvula isanagwe.